Mavani a hybrid angathandize amalonda a ku Kasungu, koma si malole

Wokondedwa Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzi yanu ndi anzanga ochita malonda ang'onoang'ono kuno ku Kasungu pa nkhani ya mavani ang'ono onyamula katundu amene akuchokera ku Japan, makamaka aja oyendera petulo ndi magetsi pamodzi, omwe ogulitsa amawatchula kuti a hybrid. Chifukwa cha kusowa ndi kukwera mtengo kwa mafuta, anthu ambiri a magolosale, ophika buledi, oweta nkhuku ndi ogulitsa zipangizo za ulimi ayamba kufunsa za galimoto zimenezi, ndipo mayankho amene akuwalandira ndi a mitundu iwiri yokha. Wogulitsa amanena kuti galimotoyo simwa mafuta n'komwe, pamene makaniko wa pansi pa mtengo amanena kuti ndi tsoka loti munthu asaliyandikire. Maganizo anga ndi akuti onse awiriwa akumusocheretsa wogula. Vani ya hybrid ndi chida chabwino kwa wamalonda amene katundu wake ndi wopepuka ndipo amaimaima pafupipafupi, koma idzamuliritsa amene akuigula ndi mtima woti ilowe m'malo mwa lole.

Poyamba tiyenera kumvetsa chimene galimoto zimenezi zili. Si mavani aakulu ngati Toyota Hiace amene timawadziwa ngati maminibasi. Ndi galimoto wamba zazing'ono zimene kampani inazipanga ndi chipinda chachitali cha kumbuyo, pansi pake pophwatalala, ndi mpando wakumbuyo wopyapyala wopindika kuti katundu alowe bwino. Yodziwika kwambiri kuno ndi Toyota Probox, imene inayamba kupangidwa mu 2002 pamodzi ndi inzake yofanana nayo yotchedwa Succeed. Palinso Nissan AD, komanso Mazda Familia Van, imene kuyambira 2018 ndi Probox yomweyo yongosinthidwa chizindikiro. Kumapeto kwa 2018 kampani ya Toyota inatulutsa Probox ndi Succeed za hybrid, zokhala ndi injini ya malita 1.5 ndi makina a magetsi a mtundu womwe uli mu Toyota Aqua. Ku Britain kampani yomweyo inayamba mu 2022 kugulitsa Corolla Commercial, imene ndi Corolla ya hybrid yochotsedwa mipando yakumbuyo. Kumene zinachokera, galimotozi amayendera ndi anthu otumidwa ndi makampani kukagulitsa malonda, amisiri okonza zinthu m'nyumba ndi m'maofesi, ndi operekera timakatoni m'masitolo, onsewo pamsewu wa phula. Tikaiwala ntchito imene zinapangidwira, tidzazipatsa ntchito ina kenaka n'kumaziimba mlandu.

Pali chikhulupiriro china chimene chafala m'misika yathu, choti galimoto ya hybrid imafunika kulumikizidwa ku magetsi a ESCOM usiku, ndipo anthu amafunsa kuti nanga magetsi akazima ayenda bwanji. Zimenezi n'zoona pa galimoto za magetsi okhaokha ndi mtundu wina wa hybrid wokhala ndi polumikizira chingwe, koma si choncho pa Probox, Aqua kapena Fielder ya hybrid. Batire lalikulu la galimoto zimenezi limadzazidwa ndi injini ya petulo yomweyo, komanso ndi mphamvu imene imapezeka dalaivala akamachepetsa liwiro. M'galimoto wamba mphamvu imeneyo imangosanduka kutentha pa mabuleki n'kutayika, pamene mu hybrid mota ya magetsi imaigwira n'kuibwezera m'batire. Galimoto ikaima, injini imazima yokha. Ikamanyamuka pang'onopang'ono, mota ya magetsi ndiyo imakankha. Ikafuna mphamvu zambiri, zonse ziwiri zimathandizana. Luso limeneli si lachilendo, pakuti Toyota inayamba kuligulitsa mu 1997 m'galimoto ya Prius, ndipo lakhala likuyesedwa m'mayiko ambiri kwa zaka zoposa 25.

Chimene chachititsa kuti nkhaniyi ifike m'makomo mwathu tonse tikuchidziwa. Dziko lathu silikumba mafuta, ndipo petulo ndi dizilo zimabwera kuchokera kunja, makamaka kudzera m'madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, zitagulidwa ndi ndalama zakunja zimene zikusowa. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mwezi womwewo bungwe la MERA linakweza mtengo wa petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Koma wamalonda aliyense angachitire umboni kuti chopweteka kwambiri sichinali mtengo wolembedwa pa pampu. Chinali kugona pa mzere wa mafuta golosale ili yotseka, kapena kugula petulo wa m'zigubu pa mtengo wowirikiza, wosadziwika chimene asakanizamo. Munthu amene wadutsa m'zimenezi akamva kuti kuli galimoto yosamwa mafuta, mtima umathamanga kusiyana ndi mutu.

Tiyeni tsono tiwerengere limodzi, chifukwa apa ndi pamene ogulitsa amakonda kudumpha. Malinga ndi muyeso wa WLTC umene boma la Japan limagwiritsa ntchito, Probox ya hybrid imayenda makilomita 22.6 pa lita imodzi, ndipo ya petulo yekha ya injini ya malita 1.5 imayenda makilomita 17.2. Izi zikutanthauza kuti pa makilomita 100 aliwonse, ya hybrid imamwa malita pafupifupi 4.4 pamene inzakeyo imamwa pafupifupi 5.8, kusiyana kwake kukhala lita imodzi ndi theka osakwana. Kuchoka pa boma la Kasungu kupita ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 130, choncho pa ulendo wopita ndi kubwerera wokaoda katundu, munthu angapulumutse malita atatu kapena anayi. Tikayerekeza wamalonda amene amayenda makilomita 20,000 pa chaka, akhoza kupulumutsa malita pafupifupi 280. Ndi ndalama ndithu, ndipo sindikuzipeputsa, koma si zozizwitsa zimene zimalalikidwa pa Facebook. Tikumbukirenso kuti manambala amenewa ndi a m'chipinda choyesera, opanda fumbi, opanda maenje ndi opanda matumba a feteleza kumbuyo. Pamsewu wathu galimoto zonse ziwiri zidzamwa kuposa pamenepo. Amene akufuna kugula ayenera kutenga kusiyana kwa mitengo ya galimoto ziwirizi, pamodzi ndi msonkho wake, n'kuona kuti padzapita zaka zingati ndalama yowonjezerayo isanabwerere kudzera m'mafuta.

Yankho la funso limenelo limadalira kwambiri mayendedwe a munthu. Popeza hybrid imapeza phindu lake poima ndi ponyamuka, imakomera wophika buledi amene m'mawa uliwonse amazungulira m'magolosale a m'tauni, kuima pano, kutsitsa makireti awiri, kusuntha pang'ono, kuimanso. Imakomera woweta nkhuku woperekera mazira m'malo odyera ndi m'nyumba zogona alendo, woperekera mankhwala m'mafamase, wokonza makina a sola ndi mafiriji amene amayenda ndi zida zake, ngakhale mayi wa malonda a zovala amene amatsata masiku a misika pa Santhe, Chinkhoma, Chatoloma ndi Nkhamenya m'mbali mwa phula. Anthu amenewa injini yawo imakhala ikulira galimoto itaima kwa nthawi yaitali pa tsiku, ndipo mafuta amene amapsa pamenepo ndi amene hybrid imasunga. Koma amene ntchito yake ndi kuthamanga pa msewu wa M1 kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Mzimba osaima, injini ya petulo imagwira ntchito pafupifupi njira yonse, batire silithandiza kwambiri, ndipo kusiyana kwake ndi galimoto wamba kumachepa.

Pali phindu lina limene silioneka pa pepala lowerengera, ndipo kwa ine ndilo lalikulu. Pa nthawi imene malo omwetsera mafuta akupereka malita owerengeka pa galimoto iliyonse, amene galimoto yake imayenda mtunda wautali pa malita omwewo amabwerera pa mzere mochedwerapo kusiyana ndi anzake. Tsiku limodzi lopulumuka pa mzere ndi tsiku limodzi la malonda, ndipo kwa wogulitsa zinthu zosachedwa kuwonongeka monga buledi, mkaka kapena nkhuku zokonzakonza, tsikulo lingakhale la mtengo wapatali kuposa malita onse amene tawerenga aja.

Tsopano ndifike pa chimene chandichititsa kulemba kalatayi, chomwe ndi kulemera kwa katundu. Probox ya petulo inalembedwa kuti inyamule makilogalamu 400 mukakhala anthu awiri kutsogolo, ndipo ya hybrid inalembedwa makilogalamu 350, chifukwa batire ndi makina ake alanda gawo lina la kulemera kumene galimotoyo ingasenze. Mukakhala anthu asanu, mlingowo umatsika kwambiri. Makilogalamu 350 ndi matumba asanu ndi awiri a chimanga kapena feteleza a makilogalamu 50. Ndi mabelo atatu a fodya, popeza belo limodzi limatha kufika makilogalamu 100. Aliyense amene amaima pamsewu wopita ku msika wa fodya wa Chinkhoma nyengo yogulitsa, kapena amene waona momwe soya ndi mtedza zimatulukira m'midzi mwezi wa Meyi ndi Juni, akudziwa kuti kuno sitiwerenga choncho. Timalonga mpaka chitseko cha kumbuyo chikane kutsekeka, n'kuchimanga ndi chingwe, kenaka pamwamba pa denga n'kuikaponso matumba ena, ndipo mwini katundu ndi anyamata ake awiri amapanikizana kutsogolo.

Probox ya petulo yatchuka mu Africa muno chifukwa imapirira nkhanza zoterezi kwa kanthawi, ndipo ikathyoka sipuling'i kapena kutha mashoki, makaniko aliyense amaikonza ndi zipangizo zopezeka pa msika. Kupirira kumeneku kwatiphunzitsa khalidwe loipa, ndipo tikalipititsa ku hybrid tidzalipira mtengo wokwera. Galimoto yolemedwa imafuna mphamvu zambiri ponyamuka ndi pokwera mtunda, choncho batire limatulutsa ndi kulandira magetsi ambiri nthawi zonse, limatentha, ndipo kutentha ndiko kumafupikitsa moyo wake. Phindu la mafuta lija nalonso limasungunuka, chifukwa injini sipezanso mpata wopuma. Pamwamba pa zonsezi pali ngozi ya mabuleki ndi matayala, imene sisankha kuti galimotoyo ndi ya hybrid kapena ayi. Amene amagula mbewu m'midzi kapena kunyamula fodya afunika pikapu kapena lole yaing'ono, ndipo ngati ndalama zake sizikwana, kuli bwino kuchita hayala pa nyengo ya zokolola kusiyana ndi kupha vani imene ikanamutumikira chaka chonse pa ntchito zopepuka.

Ndinenepo pang'ono za amene amagula mavani amenewa n'kuwasandutsa matakisi. Mpando wakumbuyo wa Probox unapangidwa kuti anthu azikhalapo mwa apo ndi apo, ndipo chipinda cha katundu chilibe malamba kapena chitetezo chilichonse kwa munthu wokhala mmenemo. Kupakiramo anthu ngati matumba ndi kusewera ndi miyoyo, ndipo apolisi apamsewu sayenera kuchiyang'ana ndi diso lachifundo.

Misewu nayo ili ndi mawu ake pa nkhaniyi. Probox ya hybrid imakoka ndi matayala akutsogolo okha, pamene ya petulo ilipo yamtundu wokoka ndi matayala onse anayi. Ndi galimoto yotsika, ndipo ikalemedwa imatsikiratu. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, misewu yambiri yafumbi yolowera m'midzi ndi m'maesiteti a boma lino imasanduka matope ndi zithaphwi, ndipo timitsinje tina timadutsa pamwamba pa msewu. Galimoto iliyonse yaing'ono imavutika m'malo otere, koma hybrid ili ndi chiopsezo chowonjezera, chifukwa batire lake lili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo madzi akalowa m'kati mwa galimoto n'kulifikira, kukonza kwake kumadula kwambiri. Wamalonda amene makasitomala ake ambiri ali kutali ndi phula aganizire bwino za miyezi inayi imeneyi asanatulutse ndalama.

Mdani wina wa batire ndi fumbi, ndipo kuno kwathu fumbi silisowa. Batire lalikulu limaziziritsidwa ndi fani yaing'ono imene imakoka mpweya kuchokera m'kati mwa galimoto kudzera pa kabowo kokhala ndi timipata, pafupi ndi mpando wakumbuyo. M'galimoto yonyamula anthu m'tauni ya ku Japan, kabowoko kamakhala koyera kwa zaka. M'vani yonyamula ufa, deya, chakudya cha nkhuku, makala kapena mtedza wosasenda ku Kasungu mwezi wa Okutobala, kamatsekeka msanga, ndipo nthawi zina mwini wake amakatseka yekha ndi thumba kapena katoni osadziwa kuti n'kofunika. Fani ikadzala fumbi, batire limayamba kutentha mwakachetechete, galimoto imayamba kumwa mafuta ambiri, ndipo tsiku lina nyali zochenjeza zimayaka zonse. Kupewa kwake n'kosavuta ndiponso n'kotsika mtengo: kusiya kabowoko poyera, kupukuta fyuluta yake kawirikawiri, kutsuka faniyo nthawi ya sevisi, kukulunga bwino katundu wotulutsa fumbi, ndi kuimika galimoto pamthunzi dzuwa likamaswa mtengo. Chodandaulitsa n'chakuti wogula sauzidwa zimenezi pa tsiku limene akulandira makiyi, ndipo buku la malangizo limene limabwera ndi galimotoyo limakhala la m'Chijapani.

Pali zizolowezi zina za madalaivala athu zimene sizigwira ntchito pa hybrid, ndipo zina n'zowononga. Galimoto imeneyi siliza mochita kukankha. Ili ndi batire laling'ono la mavoti 12 limene ntchito yake ndi kudzutsa makompyuta, ndipo likafooka galimoto imangokhala chete ngakhale batire lalikulu lili lodzaza. Anthu ena amathamangira kunena kuti batire lalikulu lafa pamene vuto lili pa laling'onoli, lomwe mtengo wake ndi wochepa. Ikawonongeka panjira siyenera kukokedwa ndi chingwe mtunda wautali matayala akutsogolo akugudubuzika pansi, chifukwa matayalawo amazunguza mota ya magetsi ndipo makina akhoza kupsa. Imafunika kukwezedwa pa lole. Choopsa kwambiri m'masiku a kusowa kwa mafuta ano ndi kuyenda mpaka petulo atheretu. Dalaivala akaona kuti galimoto ikusunthabe ndi magetsi amayesa mwayi woti akafike pa malo omwetsera mafuta, osadziwa kuti batire lalikulu lomwelo ndilo limaliza injini. Likaphwa kupitirira malire, ngakhale muthiremo petulo wodzaza thanki injini siliranso, mpaka patapezeka makina apadera olidzazira, amene sapezeka m'magalaja wamba. Momwemonso galimoto yoimikidwa kwa miyezi osalizidwa, kaya pa doko, kaya pakhomo podikira mafuta kapena ndalama za msonkho, batire lake limafooka.

Kunena chilungamo, pali zinthu zimene hybrid imachepetsa pa ndalama zokonzetsera. Ilibe sitata ndi alitaneta zamtundu umene timazidziwa, zomwe ndi zina mwa zida zovutitsa pa galimoto zakale, ilibe kilatchi yoti ipse, ndipo mapadi a mabuleki amakhalitsa chifukwa mota ya magetsi imagwira gawo lalikulu la ntchito yochepetsa liwiro. Koma imafuna oyilo wopyapyala wa mtundu wa 0W-20 kapena wofanana naye amene kampani inalamula, osati oyilo wokhuthala woyezedwa m'botolo pamsika, ndipo makina ake a magetsi ali ndi madzi awoawo oziziritsira amene ayenera kuyang'aniridwa padera.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikufika kwa amakaniko athu, amene ndimawalemekeza chifukwa ndi iwo amene asunga galimoto zakale za boma lino zikuyendabe. Luso lawo ndi la khutu ndi dzanja: amamvetsera kulira kwa injini, amamasula, amayesa, amabwezera. Hybrid siyankha mafunso mwa njira imeneyo. Imafuna kakompyuta kolumikiza pa galimoto kamene kamawerenga vuto ndi kuonetsa mphamvu ya chigawo chilichonse cha batire, ndipo imafuna munthu wodziwa kumasulira zimene kakuonetsa. Imafunanso kusamala moyo. Batire la Probox ya hybrid lili ndi mavoti 144, ndipo makina ena m'galimotomo amakweza mphamvuyo kupitirira mavoti 500, kuposa kawiri magetsi a m'nyumba zathu. Zingwe zonyamula mphamvu imeneyi zinakutidwa ndi mtundu wa olenji kuti zichenjeze, koma mnyamata wophunzira ntchito pa galaja amene sanauzidwe akhoza kuzigwira ndi sipanala n'kufera pomwepo. Mmene zinthu zilili, wamalonda wa kuno amene vani yake yayatsa nyali yochenjeza nthawi zambiri amayenera kuganiza za ulendo wa ku Lilongwe, ndipo ngati galimotoyo siyenda, ndalama ya lole yoinyamula yokha imadya mafuta onse amene anapulumutsa m'miyezi ingapo.

Pempho langa kwa bungwe la TEVETA ndi sukulu zophunzitsa ntchito zamanja ndi lakuti akonze maphunziro aafupi a za hybrid, a sabata zochepa, olunjika kwa amakaniko amene ali kale pa ntchito m'maboma ngati lathu, ndipo aphunzitsidwe m'Chichewa. Sikofunika kudikira kuti achinyamata atsopano amalize maphunziro a zaka zingapo pamene galimotozo zili kale pamsewu. Makaniko amene wakonza injini kwa zaka zambiri akhoza kuphunzira msanga kuzimitsa magetsi aakulu asanayambe ntchito, kugwiritsa ntchito magolovesi oteteza, kuwerenga kakompyuta kaja, kutsuka fani ndi kusintha batire. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama nawo akanaganiza zothandiza magalaja kugula zida zimenezi, chifukwa ngongole imene anapereka kwa wogula vani idzabwezedwa pokhapokha vaniyo ikuyenda.

Pa kagulidwe, anzanga akumbukire kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Galimoto zimenezi zimabwera zitagwira kale ntchito, ndipo popeza ku Japan zinali za makampani, zambiri zinayenda mitunda italiitali tsiku ndi tsiku ngakhale penti yake ikuwala. Batire la hybrid limakalamba ndi zaka komanso ndi ntchito, ndipo maso sangaone ukalamba wake. Wogula afunse pepala la ku okushoni la ku Japan, limene limalemba makilomita ndi zilema za galimotoyo, ndipo aliyerekeze ndi nambala ya chasisi, chifukwa kubweza m'mbuyo makilomita ndi chinyengo chodziwika pa malonda a galimoto zakale. Ngati galimotoyo ili kale m'dziko muno, asapereke ndalama isanalumikizidwe pa kakompyuta ndi munthu amene iye mwini wamusankha, osati mnzake wa wogulitsa. Afunsenso mtengo wa batire lina ndi kumene lingapezeke, n'kuika ndalama imeneyo m'mawerengedwe ake kuyambira pachiyambi. Mabatire ambiri amene amagulitsidwa ngati okonzedwanso amakhala ophatikiza zigawo zochotsedwa m'mabatire akale osiyanasiyana, ndipo sakhalitsa ngati latsopano. Amene akuitanitsa yekha kudzera ku Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe awerengere ndalama za pa doko, za dalaivala, za msonkho, za kulembetsa, za COF ndi za inshulansi asanasangalale ndi mtengo wa pa intaneti, chifukwa pofika pa Kasungu mtengowo umakhala utasintha nkhope. Ndipo galimoto siyenera kugulidwa ndi ndalama ya katapila kapena ndi mpamba wonse wa bizinesi, popeza vani yopanda katundu woti inyamule ndi ngongole chabe yoima pakhomo.

Kwa boma ndi bungwe lotolera msonkho la MRA ndili ndi mawu awa. Msonkho wa galimoto zolowa m'dziko umakwera malinga ndi zaka za galimotoyo ndi kukula kwa injini yake, ndipo cholinga chake n'chomveka, kuti dziko lisasanduke dzala la galimoto zotha. Popeza lita iliyonse ya petulo imene sinapse ndi ndalama yakunja imene yatsala kuti igule mankhwala kapena feteleza, n'kwanzeru kuti mavani a hybrid a zaka zochepa, ogulidwa ndi mabizinesi ang'ono olembetsedwa, apeputsidwe msonkho mooneka, pamodzi ndi mabatire atsopano ndi zida zoyezera. Ndikutsindika za zaka zochepa chifukwa kupeputsa msonkho pa hybrid iliyonse mosasankha kudzangotibweretsera galimoto za mabatire otsala pang'ono kufa, ndipo ndalama zakunja zimene tapulumutsa pa mafuta zidzatulukanso pogula mabatire. Kungakhalenso kothandiza kulamula kuti wogulitsa galimoto ya hybrid m'dziko muno azipereka kwa wogula pepala losonyeza zotsatira za kuyeza batire, monga momwe timafunira mapepala ena onse a galimoto.

Nkhani ina imene akuluakulu oona za chilengedwe ayenera kuiyamba msanga ndi ya mabatire akufa. Mabatire a Probox ndi Aqua zoyamba ndi a mtundu wa nickel-metal hydride, ndipo m'kati mwake muli mankhwala owotcha khungu ndi zitsulo zosayenera kulowa m'nthaka kapena m'madzi a pachitsime. Tikudziwa zimene zimachitika ndi mabatire wamba a galimoto ndi a sola akatha: ena amatayidwa kuseri kwa galaja, ena amaswedwa ndi ana ofuna zitsulo zokagulitsa. Zitsulo za m'mabatire a hybrid zili ndi mtengo ndipo m'mayiko ena zimabwezedwa ku mafakitale, choncho n'zotheka kukonza dongosolo loti oitanitsa galimoto ndi ogulitsa mabatire azilandira akufawo, wobweza n'kuchotseredwa kangachepe pa mtengo wa latsopano.

Pomaliza, Mkonzi, ndikupempha kuti nyuzi yanu ipereke danga kwa amakaniko odziwa za hybrid kuti aziyankha mafunso a owerenga m'Chichewa, ndiponso kuti amalonda amene ayendera kale mavani amenewa kuno ku Kasungu, ku Mchinji ndi m'maboma ena alembe kutiuza malita amene amamwa pa misewu yathu, katundu amene amanyamula ndi ndalama zimene awononga pokonzetsa.

Ine wanu,

Wamalonda wa pa msika,
Kasungu Boma